Anthu Amene Adakatunga Madzi ku Kasupe

Wotunga madzi kumunsi kwa mtsinje amamwa zonse zimene madziwo atola m'njira. Wofuna oyera amakwera mpaka ku kasupe. Maganizo otere ndiwo adagwira anthu ophunzira a ku Italy kuyambira m'zaka za m'ma 1300. Nyengo yawoyo imatchedwa Renaissance, ndiye kuti kubadwanso, pakuti nzeru ndi luso la Agriki ndi Aroma akale zidatsitsimukanso. Eniakewo amatchedwa a humanist, popeza ankalimbikira maphunziro oumba munthu: galamala, kulankhula mwaluso, ndakatulo, mbiri yakale ndi chikhalidwe cholungama.

Pali ena amene amaphunzitsa kuti anthu ameneŵa adadza kudzagwetsa Eklezia. Koma tifunse: nanga mabuku akalewo adawapeza kuti? M'chaka cha 1345 Petrarch adapeza makalata a Cicero m'nyumba ya mabuku ya tchalitchi lalikulu la ku Verona. Mu 1416 Poggio Bracciolini, amene adagwirapo ntchito ya ulembi kwa Apapa, adafukula buku lathunthu la Quintilian ku St Gall, m'nyumba ya ana a Benedict Woyera. Zikopa zolembedwazo zidaapulumuka chifukwa anthu a m'nyumba zotere ankazikopera pamanja mibadwo ndi mibadwo, ngakhale kuti pambuyo pake zina adazisiya m'fumbi. Za amisiri sitichulukitsa mau: denga lobulungira la Brunelleschi ku Florence, lomalizidwa mu 1436, ndi zithunzi za Michelangelo m'tchalitchi la Sistine, zojambulidwa kuyambira 1508 mpaka 1512, zonsezi ndi ntchito za m'nyumba ya Mulungu.

Komabe kasupe saopa nkhope ya munthu. Padali chikalata chonena kuti mfumu Constantine idapereka kwa Papa Sylvester ulamuliro wa Roma ndi maiko a kuzambwe. Mu 1440 wansembe Lorenzo Valla adachiŵerenga ndi maso a katswiri wa Chilatini, napeza kuti muli mau amene Mroma wa nthaŵi ya Constantine sakadalemba. Nduna za mfumu, mwachitsanzo, zikutchulidwamo ndi dzina la abwanamkubwa a ku Persia. Chikalatacho chidali chonama. Tisabise kuti Valla ankadya kwa mfumu Alfonso ya ku Naples, imene inkakangana ndi Papa masiku amenewo. Cholinga chake sichidali choyera kwathunthu. Koma zimene adanena zidali zoona, ndipo mu 1448 Papa Nicholas V, yemwe adasonkhanitsa mabuku oyambira nyumba ya mabuku ya ku Vatican, adamulemba ntchito ku Roma. Pamenepa, ine ndikuti, Papayo adaonetsa ukulu weniweni.

Valla yemweyo adayerekezanso Chipangano Chatsopano cha Chilatini, chija adakonza Jerome Woyera, ndi mau oyambirira a Chigriki. Zolemba zakezo zidagona mpaka 1504, pamene wansembe wina wa ku Rotterdam, Erasmus, adazitola m'nyumba ya mapemphero pafupi ndi Leuven. Zidamuyatsa mtima. Makina osindikizira adali atafala kale chiyambire ntchito ya Gutenberg cha m'ma 1450, ndipo mu 1516, ku Basel, Erasmus adatulutsa Chipangano Chatsopano cha Chigriki, nachipereka ulemu kwa Papa Leo X. Ntchitoyo idachitika mothamanga. Buku la Chivumbulutso limene adagwiritsa ntchito lidali losoŵa tsamba lomaliza, motero ndime zotsiriza adazitembenuza yekha kuchokera ku Chilatini kubwerera ku Chigriki.

Akatekisiti, mvetserani chimene chidavuta. Pamene Chilatini chimamveka ngati chikunena za kuchita ntchito za kulapa, Chigriki chili ndi liwu lakuti metanoia, kusinthika kwa mtima. Liwu limodzi lokha, koma lidautsa mapiri pachigwa. Martin Luther adatenga buku la Erasmus pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522, ndipo ambiri adamuloza chala Erasmus kuti ndiye adatsekula khomo la magaŵano. Chonsecho iye sadachoke mu Eklezia. Mu 1524 adalemba motsutsa Luther pa nkhani ya ufulu wa munthu wosankha chabwino. Bwenzi lake lapamtima, Thomas More Woyera, adadulidwa mutu ku London mu 1535 chifukwa chokana kuvomereza kuti mfumu Henry VIII ndiye mutu wa Mpingo ku England. Erasmus adamwalira chaka chotsatira, akukaikiridwa ndi mbali zonse ziŵiri.

Bala la magaŵano lidachititsa Eklezia kuyenda mochenjera. Mu 1546 Msonkhano wa ku Trent udakhazikitsa Baibulo la Chilatini kuti ndilo lovomerezeka pophunzitsa, ndipo mu 1559 mabuku a Erasmus adaikidwa m'gulu la oletsedwa. Padapita nthaŵi yaitali. Mu 1943 Papa Pius XII adalimbikitsa akatswiri kuti aphunzire Malembo m'Chihebri ndi m'Chigriki. Mu 1965 Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican udapempha kuti Baibulo limasuliridwe m'zilankhulo za anthu, makamaka kuchokera ku mau oyambirirawo, ndipo udalola kugwira ntchitoyi pamodzi ndi akhristu a mipingo ina. Potsata njira imeneyi, Akatolika ndi abale athu aja adamasulira limodzi Buku Loyera m'Chicheŵa, lotuluka mu 1998.