Tanthauzo la mawu: Chakhumi

Mawu akuti chakhumi amachokera ku nambala ya khumi. Amatanthauza gawo limodzi mwa magawo 10 a zomwe mkhristu wapeza, lomwe amalipereka kwa Mulungu. Mayi wogulitsa usipa mumsika wa Mzuzu akapindula K50,000, chakhumi chake ndi K5,000. Mlimi akakolola matumba 30 a chimanga, amapatula atatu.

Chakhumi chimasiyana ndi chopereka cha Lamulungu, chomwe chilibe mlingo.

Ku Katawa, Chibavi ngakhale Zolozolo mu Mzuzu, palibe mkulu wa mpingo amene amawerenga phindu la munthu. Mwiniwake ndiye amadziwa ngati zomwe zili mu envulopu ya chakhumi zakwanira. N'chifukwa chake alaliki amakumbutsa za Hananiya ndi Safira a pa Machitidwe 5: anagulitsa munda, nabisa zina mwa ndalamazo, koma pamaso pa Petro anaonetsa ngati apereka zonse.