Madzi oyenera kuwaza pa bowa wolimidwa pakhomo ku Kabwe

Bowa wa oyster, umene ambiri amalima m'matumba a pulasitiki odzaza mapesi a cimanga kapena zotsalira za thonje, umafuna cinyezi cambiri. Ndiye cifukwa cake mlimi amawaza madzi m'kanyumba kolimiramo kawiri kapena katatu pa tsiku. Bowa umayamwa zitsulo zoopsa zimene zili m'madzi ndi m'zinthu zimene umamerapo, ndipo ku Kabwe nkhani imeneyi si yaing'ono.

Mgodi wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994 utagwira nchito zaka pafupifupi 90, koma mtovu ukadali m'dothi ndi m'fumbi la makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mtovu umaononga ubongo wa ana ngakhale ukhale wocepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamaikulogalamu 10 a mtovu pa lita imodzi, ndipo madzi a bowa wodyedwa ayenera kukhala ofanana ndi akumwa.

Madzi a m'ngalande yocokera ku mgodi asagwiritsidwe nchito konse. Zitsime zosaya zosavindikira nazonso n'zokayikitsa: m'cilimwe mumagwera fumbi, m'dzinja mumalowa zonyansa za m'zimbudzi. Madzi a mvula ambiri amawayesa oyera, komatu denga limasonkhanitsa fumbi miyezi yonse ya cilimwe. Mvula zoyamba zizisiyidwa kuti zitsuke malata, ndipo mgolo wotungiramo ukhale wovindikira. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo toyambitsa matenda, koma mtovu sucoka. Madzi akamaphwera pamoto, mtovuwo umatsalira wonse mumphika.

Madzi a pampopi a kampani ya Lukanga Water ndiwo osavuta kwa ambiri. Klorini imene amathiramo ingabweze m'mbuyo kakulidwe ka bowa ikaculuka, koma imauluka yokha madziwo akakhala mu ndowa usiku ndi usana. Pakamwa pa ndowa pamangidwe nsalu yoyera kuti fumbi lisalowe.

Tauni ya Kabwe inakhala pa miyala ya laimu, motero madzi a m'zitsime zakuya amasiya zoyera zimene zimatseka kamwa ka cowazira. Zimenezi sizivulaza bowa, ndipo zimasungunuka mu viniga. Mtovu wokha suoneka, sununkha ndiponso sumveka pa lilime. Amene ali ndi citsime cake pafupi ndi mgodi ayezetse madziwo ku labotale, monga ya Zambia Bureau of Standards, asanayambe kugulitsa bowa pamsika.