Mbali ya banja ndi parishi pophunzitsa ana chikhulupiriro cha Katolika m'boma la Mulanje

Akhristu a mpingo wa Katolika m'boma la Mulanje ali pansi pa Arkidayosizi ya Blantyre, yomwe imafikanso m'maboma a Blantyre, Chiradzulu, Phalombe, Mwanza, Neno ndi mbali ina ya Thyolo. Ena mwa maparishi odziwika m'bomali ndi Chisitu, Mendulo, Namulenga, Gambula ndi Muloza, kufupi ndi malire a dziko lino ndi Mozambique. Parishi iliyonse ili ndi matchalitchi ang'onoang'ono angapo m'midzi, ndipo ansembe amachita kuwayendera mosinthanasinthana. Kotero mwana wa kumudzi angathe kukhala masabata angapo osaona wansembe. Kaamba ka ichi, ntchito yaikulu yophunzitsa ana chikhulupiriro imagona m'manja mwa makolo, mphakati ndi akatekisiti, pamene parishi imayang'anira, kuyesa ana ndi kusunga mabuku a masakramenti.

Chiyambi cha mpingo m'chigawo cha kumwera

Amishoni oyamba a Katolika, a chipani cha White Fathers, anafika kwa Mponda ku Mangochi m'chaka cha 1889 koma anachokako mu 1891. Mpingo unakhazikika pamene ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901. Mu 1903 iwo anatsegula mishoni ya Nguludi ku Chiradzulu, ndipo ntchito yawo inafalikira m'madera a kumwera, kuphatikizapo Mulanje ndi Phalombe, lomwe linali mbali ya boma la Mulanje mpaka m'chaka cha 1998. Blantyre inakhala arkidayosizi mu 1959. Arkiepiskopi woyamba Wachimalawi anali Ambuye James Chiona, amene anatsogolera kuyambira 1967 mpaka 2001. Pambuyo pawo panabwera Ambuye Tarcisius Ziyaye, kenaka Ambuye Thomas Luke Msusa, omwe anasankhidwa mu 2013.

Nthawi imene amishoniwa amafika, Alomwe ambiri anali kulowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, ndipo ochuluka anakhazikika m'minda ya azungu ya ku Mulanje ndi Thyolo komwe ankagwira thangata. Amishoni anali ochepa. Chida chawo chachikulu chinali sukulu ya m'mudzi, momwe mphunzitsi mmodzi ankaphunzitsa kuwerenga ndi katekisimu pakati pa sabata, n'kutsogolera mapemphero Lamulungu. Mpingo wa m'derali unakula modalira anthu wamba kuyambira pa chiyambi.

Zomwe mpingo umayembekeza kwa makolo

Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, m'chikalata cha Lumen Gentium cha 1964, unatchula banja kuti ndi mpingo wa panyumba, ndipo chikalata china cha 1965 chokhudza maphunziro chinati makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo. Papa John Paul II, amene anacheza m'dziko muno m'mwezi wa May 1989, anatambasula mfundoyi mu Familiaris Consortio mu 1981. Sinodi ya maepiskopi a mu Africa ya 1994 inasankha chithunzi cha mpingo ngati banja la Mulungu, ndipo Papa Francis anabwererezanso za udindo wa makolo mu Amoris Laetitia mu 2016.

Izi zinalowanso m'malamulo a mpingo a 1983. Khanda limabatizidwa ngati kholo limodzi kapena womulera wavomereza, komanso ngati pali chiyembekezo chenicheni chakuti mwanayo adzaleredwa m'chikatolika. Ngati chiyembekezocho palibe, wansembe angathe kuimitsa ubatizo mpaka zinthu zitalongosoka. Mboni ya ubatizo, imene ena amaitcha kholo lauzimu, iyenera kukhala Mkatolika wa zaka zosachepera 16, wolandira kale Ulimbitso ndi Ukaristia.

Pakhomo penipeni, maphunzirowa alibe ndandanda. Mwana amaphunzira chizindikiro cha mtanda, pemphero la pachakudya ndi mapemphero a madzulo pongomva akuluakulu. M'mwezi wa May ndi wa October mabanja ambiri amapemphera korona, kawirikawiri mosinthana makomo. Buku Loyera, Baibulo la Chichewa lomwe linatuluka mu 1998 mogwirizana ndi mipingo ina, lilipo m'makomo ena, koma mabanja ambiri amadalira zimene amaloweza pamtima ndi nyimbo za kwaya.

Chikamwini ndi udindo wa amayi

Mfundo yofunika kuimvetsa ku Mulanje ndi yakuti Alomwe, Amang'anja ndi Ayao amawerengera mtundu kuchikazi. Pa chikamwini, mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ana amakhala a mbumba ya mayi wawo, ndipo amalume, monga mwinimbumba, amakhala ndi mawu aakulu pa nkhani za anawo. Ukwati ukatha, bambo ndi amene amanyamuka. Ana amatsala pamudzi pa mayi ndi agogo awo.

Zotsatira zake pa nkhani ya chipembedzo n'zoonekeratu. Mwana amakulira pakati pa azakhali ndi agogo a kuchikazi, ndipo kumene amayiwa amapemphera n'kumenenso mwana amayamba kupita. Mulanje ndi boma la mipingo yambiri. Mpingo wa CCAP uli ndi mizu yakuya pa Mulanje Mission, ndipo kulinso a Seventh Day Adventist, a Church of Christ, mipingo ya chipentekoste ndi Asilamu. Maukwati a anthu osiyana mipingo ngochuluka. Malamulo a Katolika amalola ukwati wotere ngati episkopi kapena womuimira wapereka chilolezo, ndipo Mkatolikayo amalonjeza kuti adzachita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu mpingo wake, mnzakeyo n'kudziwitsidwa za lonjezolo. Kwa mayi wokhala pamudzi pawo, lonjezo limeneli ndi lopepuka kusunga. Kwa mkamwini, amene ali pamudzi pa eni, ndi lolemera ndithu, makamaka ngati apongozi ake ali ndi udindo mu mpingo wina.

N'chifukwa chake bungwe la amayi a Chikatolika ndi gulu la Legio ya Maria ali ndi mphamvu m'maparishi kuposa momwe mabuku a malamulo amaonetsera. Amayiwa ndiwo amazonda odwala, kuchezera maliro, kulangiza atsikana ndi kukumbutsa makolo za kalasi ya ana. Bungwe la abambo liliponso m'maparishi, koma amene wapitako ku mapemphero a pakati pa sabata amadziwa mbali imene imadzaza mabenchi.

Mphakati

Pakati pa banja ndi parishi pali mphakati, womwe m'madera ena amautcha limana. Ili ndi gulu la mabanja oyandikana amene amakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo kapena pa kachisakasa kawo, kawirikawiri kamodzi pa sabata. Maepiskopi a bungwe la AMECEA, la maiko a kuvuma ndi pakati pa Africa, anakambirana za magulu otere mu 1973 ndipo mu 1976 anagwirizana kuti akhale maziko a ntchito ya mpingo. Kuno kwathu, Ambuye Patrick Kalilombe a ku Lilongwe ndiwo anatsogolera ganizoli kudzera mu sinodi ya dayosizi yawo ya 1973 mpaka 1975.

Pa mphakati akhristu amawerenga Uthenga Wabwino wa Lamulungu, kugawana zimene amva, kupempherera odwala ndi kusonkha kangachepe kothandizira amasiye ndi anamfedwa. Koma mphakati uli ndi ntchito inanso yofanana ndi ya ofesi. Kholo lofuna kubatizitsa mwana, anthu ofuna kudalitsa ukwati, ngakhale banja lofuna mwambo wa mpingo pa maliro, amayambira kwa atsogoleri a mphakati, amene amachitira umboni kwa bambo mfumu kuti munthuyo amasonkhana nawo ndipo amapereka mtulo. Dongosolo limeneli limathandiza wansembe kudziwa akhristu zikwizikwi amene sangathe kuwayendera yekha. Lili ndi mbali yake yowawa. Banja losauka limene latsalira pa mtulo nthawi zina limachita manyazi n'kuzengereza kubweretsa mwana, ndipo apa mpamene nzeru za atsogoleri a mphakati zimaonekera, pakuti malamulo a mpingo amaletsa kumana osauka masakramenti chifukwa cha umphawi wawo.

Njira ya mwana mu parishi

Mwana wobatizidwa ali wakhanda amayamba ndi Tilitonse, maphunziro a ana a Lamulungu, momwe amaphunzira nyimbo, mapemphero ndi nkhani za m'Baibulo. Akafika msinkhu wozindikira, womwe mpingo umauika pa zaka 7 kapena kuposerapo, amalowa kalasi yokonzekera sakramenti la Kulapa ndi Ukaristia woyamba. Pambuyo pake pamabwera kalasi ya Ulimbitso, sakramenti limene kawirikawiri amapereka ndi episkopi akamayendera parishi. Amene sanabatizidwe ali aang'ono amalowa kalasi ya akatekumeni, yomwe imatenga nthawi yotalikirapo, ndipo ambiri amabatizidwa pa nyengo ya Pasaka.

Ophunzitsa makalasiwa ambiri ndi akhristu ongodzipereka, oyang'aniridwa ndi katekisiti. Katekisiti ndiye amatsogoleranso mapemphero a Lamulungu pa tchalitchi pamene wansembe sanafike, ndiponso maliro ambiri a kumudzi. Arkidayosizi ili ndi malo osulira akatekisiti ku Likulezi m'boma la Phalombe komanso malo a maphunziro ndi misonkhano ku Nantipwiri m'boma la Thyolo.

Sukulu, yomwe kale inali dzanja lamanja la mishoni, inasintha. Sukulu zambiri za pulayimale zomangidwa ndi mpingo zikadali m'dzina la mpingo, koma aphunzitsi amatumizidwa ndi kulipidwa ndi boma, ndipo silabasi ndi ya Unduna wa Zamaphunziro. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ana a zipembedzo zonse anadzaza makalasi. Mu 2000 panabuka mkangano pamene boma linafuna kuchotsa phunziro la Bible Knowledge m'sekondale n'kuikapo la Religious and Moral Education, ndipo mipingo itadandaula maphunziro onse awiri analoledwa. Sukulu zogonera konko monga sekondale ya atsikana ya Providence ku Chisitu zimasungabe moyo wa mapemphero, koma katekisimu weniweni anabwerera ku tchalitchi ndi kunyumba.

Zovuta za masiku ano

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje munali anthu oposa 680,000, ndipo m'dziko lonse Akatolika anali pafupifupi 17 mwa anthu 100 alionse, kuposa mpingo wina uliwonse. Malo olima ku Mulanje ngochepa chifukwa cha phiri ndi minda ya tiyi, yomwe inayamba kubzalidwa m'bomali cha m'ma 1890. Makolo ambiri amalawirira kukathyola tiyi, ena amakachita ganyu ku Mozambique, ena ali ku Blantyre kapena ku South Africa. Mliri wa Edzi, umene unakantha bomali kwambiri, unasiya ana ambiri m'manja mwa agogo. Agogo oterewa ndiwo asunga mapemphero m'makomo ambiri, ngakhale kuti ena sadziwa kuwerenga.

Namondwe wa Freddy, yemwe anagwa m'mwezi wa March 2023, anakokolola midzi ku Mulanje ndi Phalombe ndipo mabanja ambiri anakhala m'misasa ya pa sukulu ndi pa matchalitchi. Mudzi ukabalalika, mphakati nawo umabalalika, ndipo ana amene anali m'kalasi amadukiza. Wailesi ya Radio Maria, yomwe inayamba ku Mangochi mu 1999, ndi kanema wa Luntha wa ku Balaka amafikitsa Misa ndi maphunziro m'makomo, koma sangachitire mwana umboni kwa bambo mfumu.

Pa nkhani ya chinamwali, maparishi ali ndi alangizi awoawo amene amalangiza anyamata ndi atsikana motsata chikhristu, pofuna kupewa miyambo ina imene imalimbikitsa ana kugonana akadali aang'ono. Apa zofuna za mpingo ndi za boma zimakumana. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi msinkhuwu. Popeza ukwati wa mu mpingo umayamba walengezedwa m'tchalitchi, ankhoswe a mbali zonse akudziwa, parishi ndi amodzi mwa malo amene ukwati wa mwana ungatsekerezedwe usanachitike.

Ogwira ntchito za boma m'maofesi a zachisamaliro cha anthu, zamaphunziro ndi zaumoyo amakumana kawirikawiri ndi khadi la ubatizo, limene makolo amabweretsa pofuna kutsimikiza zaka za mwana. Khadili limachokera m'buku la parishi, momwe mumalembedwa dzina la mwana, makolo, mboni, tsiku lobadwa ndi tsiku la ubatizo, ndipo Ulimbitso ndi ukwati zimadzawonjezedwa momwemo. Likatayika, monga zinachitikira mabanja ena pa nthawi ya namondwe, parishi imene munthu anabatizidwira ingathe kulemba lina kuchokera m'bukulo. Komabe khadili ndi chikalata cha mpingo. Chiphaso chakubadwa chovomerezeka ndi boma chimaperekedwa ndi nthambi ya National Registration Bureau, malinga ndi lamulo la kalembera wa nzika la 2010.