Nkhondo ya Chiwaya ndi magule amene inatisiyira

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika ku Nyasaland kudzera panyanja. Pa 13 Ogasiti 1914, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inawoloka kupita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Pa 9 Sepitembala magazi anakhetsedwa ku Karonga. Anthu akumudzi sankadziwa chimene azungu anayambanirana kwawo ku Ulaya, koma anamva kulira kwa mfuti yolavula zipolopolo mosapumira, ndipo dzina la mfutiyo analipereka kwa nkhondo yonse: Chiwaya.

M'Novembala chaka chomwecho, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene amphawi a dziko lino ayenera kufera nkhondo ya eni. Boma silinamumvere. Pofika 1918, amuna pafupifupi 19,000 anali atavala yunifolomu ya asilikali a King's African Rifles, ndipo ena pafupifupi 200,000 anali atasenzapo katundu wa nkhondo. Amenewa ndiwo ankatchedwa atengatenga.

Agogo awo a mayi anga anali mtengatenga. Sanapite mwakufuna kwawo. Mesenjala wa boma anafika kwa amfumu kudzafuna amuna, ndipo amene anathawira kuthengo ankawagwirira akazi awo mpaka atulukire. Anayenda ulendo wa ku Songea katundu ali pamutu, mapazi ali pansi, mvula ikuwathera pathupi. Ambiri mwa anzawo amene anatsala m'njira sanafe ndi chipolopolo. Anapita ndi kamwazi, malungo ndi njala, pamene thumba la ufa linali pamutu pawo. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala, pa 25 Novembala 1918, ndipo otsala atafika kumudzi anapezanso maliro a chimfine chimene chinasesa dziko lonse.

Mayi anga amati mkuluyo sankaikamba nkhondo. Ukawafunsa ankangoti kunali kutali, n'kuyang'ana kumbali. Koma chilimwe chikafika, chimanga chili m'nkhokwe, munthu yemweyo ankasanduka wina. Ankachapa kabudula woyera ndi malaya oyera, kuzisita ndi simbi yamakala mpaka mzere kuima ngati mpeni, kenako n'kutenga chikho chachitali chimene anachiboola, kumata pabowo kanembanemba koyera ka kangaude, n'kuyesa mawu ake. Chikhocho chikalira ngati lipenga la asilikali, ana onse ankadziwa kuti lero kuli mganda.

Gule ameneyu anayenda ulendo wautali asanafike kwathu. Cha m'ma 1890, anyamata a m'matauni a m'mphepete mwa nyanja yamchere monga Lamu ndi Mombasa anayamba kutsanzira mabandi a asilikali a chizungu, ndipo gule wawo anamutcha beni. Magulu awiri otchuka, Marini ndi Arinoti, ankapikisana kuvina ndi kuvala. Nkhondo itasakaniza anthu a mitundu yosiyanasiyana m'misasa, beni anafalikira pakati pa asilikali ndi atengatenga, ndipo pobwerera aliyense anapita naye kwawo. Kwa Ayao a ku Mangochi ndi Machinga anakhalabe beni. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a ku Karonga anasanduka malipenga. Kwa Achewa a ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu ndi mganda.

Chimene chimandigwira mtima ndi dongosolo lake. Gulu la ovina limatchedwa boma. Lili ndi kingi wake, akaputeni ake, ngakhale dokotala amene amayendera mzere kuona ngati aliyense wasamba ndi kuvala bwino. Ng'oma yaikulu imagunda ngati ya pa perete, amuna ali m'mizere, phazi likunyamuka pamodzi. Ena amati kunali kunyoza azungu, ena amati kunali kuwasirira. Ine ndikamaganiza za agogowo ndimaona china. Munthu amene anayendetsedwa ngati bulu, atavala nsanza, akulamulidwa m'chinenero chimene sankachimva, anabwera kwawo n'kukhazikitsa boma lakelake pabwalo la mudzi. M'boma limenelo iye ndiye ankavala zoyera, iye ndiye ankalamula, ndipo palibe amene ankagwa m'njira n'kusiyidwa.

Nkhondo yachiwiri itayamba mu 1939, ana a amuna omwewa anapitanso, ulendo uno mpaka ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku nkhalango za ku Burma mu 1944. Anabwera ndi nyimbo zina, za sitima zapamadzi ndi za kulakalaka kwawo, ndipo nazonso zinalowa m'bwalo. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa mbiri yakale Melvin Page anayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zimene zinaona Chiwaya, ndipo zambiri zimene timawerenga lero zinachokera pakamwa pawo. Agogo athu sanawapeze, anali atagona kale.

Ku Zomba kuli chipilala cha asilikali a King's African Rifles, ndipo mwezi wa Novembala uliwonse akuluakulu amakaikapo nkhata za maluwa. Ndinapitako ndi mayi anga. Anawerenga mayina ena mwakachetechete ngakhale ankadziwa kuti la agogo awo mulibe. Tili m'basi pobwerera anayamba kung'ung'udza nyimbo ya mganda, dzanja likugunda pabondo. Mwana wanga, amene amavina mganda kusukulu, anatembenuka n'kunena kuti akuidziwa, kungoti iwo amaiimba mofulumirirapo. Mayi anga anamuuza kuti aichedwetse, chifukwa mwini wake ankaiimba pa liwiro la munthu amene wasenza katundu.