Otizimu ndi kaleredwe ka ana ku Lungwena

Otizimu ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumachititsa mwana kuvutika kulankhula, kucheza ndi anzake komanso kuzolowera zinthu zikasintha. Dokotala Leo Kanner anaufotokoza mwatsatanetsatane ku America mu 1943, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linayerekeza kuti mwa ana 100 alionse padziko, mmodzi ali nawo. Chibadwa chimatengapo mbali yaikulu. Subwera chifukwa cha katemera, ufiti, majini kapena kulakwa kwa mayi, ndipo supatsirana.

Lungwena ili kum'mawa kwa nyanja ya Malawi m'boma la Mangochi, pamsewu wodzera ku Malindi kupita ku Makanjira. Anthu ambiri kumeneko ndi Ayao achisilamu, alimi ndi asodzi. Mu 1995 ofufuza a College of Medicine ndi a yunivesite ya Tampere ya ku Finland anayamba kutsatira ana a m'derali, kuwayeza kulemera ndi msinkhu pofuna kuthana ndi kunyentchera. Komatu otizimu suoneka pasikelo: mwana akhoza kunenepa bwino koma osatembenuka akaitanidwa dzina. Chida choyezera kakulidwe ka ana chotchedwa MDAT, chimene Melissa Gladstone ndi anzake anatulutsa mu 2010 atachiyesa pa ana a kumidzi m'Malawi, chimaunikanso kulankhula ndi kucheza. Sichigamula kuti mwana ali ndi otizimu, koma chimaonetsa amene akufunika kupimidwa mozama.

Zizindikiro zimayamba kuoneka mwana asanakwanitse zaka 3. Sayang'ana anthu m'maso, saloza chinthu ndi chala kuti aonetse mayi ake, amachedwa kulankhula kapena kusiya mawu amene ankawatchula kale. Ena amakupiza manja, kuzungulirazungulira, kapena kutseka makutu chigayo chikamalira. Choyamba ndi kuyezetsa makutu, chifukwa kusamva kumafanana nazo, ndipo kholo liuze adokotala ngati mwana anadwalapo malungo a muubongo kapena amakomoka, pakuti khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana otere. Chipatala cha Lungwena chimatumiza odwala kuchipatala chachikulu cha Mangochi, ndipo zikafunika amapitirira ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Mankhwala ochiza otizimu kulibe, choncho chithandizo chachikulu chimachitikira pakhomo. Maphunziro a osamalira ana amene WHO inatulutsa mu 2022 amagwiritsa ntchito masewera ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Kholo likhale maso ndi maso ndi mwana, litsatire chimene iye akuseweretsa, litchule mawu afupiafupi ngati "madzi" kapena "phala", kenako lidikire kuti ayankhe, ngakhale ndi dzanja lokha. Kudya, kusamba ndi kugona zizichitika nthawi yofanana tsiku lililonse. Wokana ndiwo zonse n'kumangofuna nsima, amuikire usipa wosinja pang'onopang'ono, osamukakamiza. Kumenya sikuthetsa kulira kwake, kumangowonjezera mantha.

Nyanja ndiyo ifunika tcheru kwambiri. Ana ambiri a otizimu amachoka pakhomo osatsanzika ndipo amakopeka ndi madzi. Kumira n'kumene kumapha ambiri mwa osocherawo. M'midzi ya kugombe, kumene ana amasewera pafupi ndi mabwato, yankho si kumumanga chingwe kapena kumutsekera m'nyumba. Asodzi, oyandikana nawo nyumba ndi amfumu amudziwe mwanayo, ndipo akasowa anthu athamangire kudooko ndi kuzitsime asanafufuze kwina.

Kwa Ayao mwana ndi wa mbumba ya mayi, ndipo poti abambo ambiri amakhala panyanja kapena ku Joni, agogo ndi amjomba ayenera kulandizana ndi mayi kuti nayenso apume. Lamulo la anthu aulumali la mu 2024, limene linalowa m'malo mwa la mu 2012, limaletsa kusala ana otere pamaphunziro. Aphunzitsi awo amasulidwa kukoleji ya Montfort ku Nguludi, ndipo makolo ali ndi bungwe lawo la PODCAM.