Kuchoka pa Tcheni Kufika pa Foni: Mbiri ya Mapu a Ogwira Ntchito M'midzi

Munthu amene watumidwa kumudzi kukawerenga anthu, kukaona mijigo yakufa kapena kukalemba ana ofunika katemera amanyamuka ndi funso limodzi: dera langa likuyambira pati, nanga likulekezera pati? Akapanda kudziwa, nyumba zina amazilemba kawiri, zina osazifika n'komwe, ndipo a m'nyumba zodumphidwazo ndi omwe amadzasowa pa ndandanda tsiku logawa chimanga. Mapu amene wogwira ntchito wa lero amatsegula pa foni kuti ayankhe funsoli atenga zaka zoposa 150 kuti afike pomwe alipa.

Ambiri nkhaniyi amaiyambira ku London m'chaka cha 1854. Kolera inabuka m'dera la Soho n'kupha anthu oposa 600 m'masabata ochepa. Madokotala ambiri a nthawiyo ankati matendawa amabwera ndi mpweya wonunkha, koma Dokotala John Snow ankakayikira madzi. Anatenga ndandanda ya omwalira n'kumayenda khomo ndi khomo kufunsa komwe banja lililonse limatunga, ndipo akuluakulu a deralo atamva umboni wake anachotsa chogwirira cha pampu ya mu Broad Street. Mapu ake otchuka aja, okhala ndi kamzere kakuda koimira munthu aliyense womwalira, anatuluka m'buku mu 1855, ndipo timizereto tinachita kuunjikana mozungulira pampuyo.

Komabe panali zina zomwe mapu paokha sakanatha kufotokoza. Pafupi ndi pampuyo panali fakitale yofulula mowa yomwe antchito ake anapulumuka, pomwe mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, anamwalira. Snow atafunsa anamva kuti ofulula mowawo sankamwa madzi a pampuyo, ndipo mayi uja ankawakonda kwambiri moti ankamutumizira m'botolo. M'busa wa deralo, Henry Whitehead, yemwe ankadziwa mabanja ndi mayina awo, poyamba sankagwirizana ndi Snow, koma kufufuza kwake m'makomo n'komwe kunadzalimbitsa umboniwo. Kuyambira pachiyambi pomwe, mapu abwino ankafuna munthu wodziwa dera.

Kuno kwathu ku Malawi mapu oyamba olembedwa papepala anali a alendo. David Livingstone atafika ku nyanja ya Malawi mu 1859 ankapeza malo omwe ali poyang'ana nyenyezi ndi chipangizo chake, koma mayina a mitsinje ndi mapiri ankawamva kwa anthu omwe ankamulondolera njira. Pambuyo pake panabwera asaveya a boma la atsamunda ndi tcheni, kampasi ndi zipangizo zoyezera ngodya. Ankakwera mapiri n'kumangapo mabikoni a simenti, ndipo ena mwa mabikoniwo alipobe pamwamba pa mapiri athu. Chidwi chawo chachikulu chinali pa malire a dziko, maesiteti ndi misewu. Midzi inali timadontho chabe.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mu 1946, Britain inakhazikitsa ofesi ya Directorate of Colonial Surveys, yomwe inayamba kupanga mapu a maiko olamulidwa pogwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa pa ndege. Apa ndi pomwe panachokera mapu aakulu a 1:50,000, omwe masentimita awiri papepala amaimira kilomita imodzi pansi. Ophunzira za malo kusekondale amawadziwa, ndi mizere yake yofiirira yoonetsa kukwera ndi kutsika kwa malo. Ufulu utabwera, ntchitoyi inapitirira ku dipatimenti yathu yoyeza malo ndi kukonza mapu.

Kalembera woyamba wa dziko lodzilamulira anachitika mu 1966, kenako mu 1977, 1987, 1998 ndi 2008. Kalembera asanayambe, a ofesi ya National Statistical Office ku Zomba ankagawa dziko lonse m'timadera ting'onoting'ono, kadera kalikonse koti munthu mmodzi athe kukamaliza m'masiku a kalemberawo. Mlembi ankalandira pepala loonetsa malire ake: khwawa ili, mseu wafumbi uwu, tchalitchi, chigayo, mlambe wa pamphambano. Vuto linali loti dziko silidikira pepala. Mtsinje wa kuchigwa umasintha njira chaka cha mvula yambiri. Mlambe umagwa. Choposa zonse, midzi yathu imatchulidwa ndi dzina la mfumu, choncho mudzi ukagawikana n'kulongedwa nyakwawa yatsopano, pamabadwa dzina lomwe mapu sakulidziwa. Mlembi wanzeru ankayamba wakalonjera kwa amfumu kuti amupatse munthu womuonetsa malire.

Pomwe ife tinkalimbana ndi mapepala, ku Canada m'zaka za m'ma 1960 Roger Tomlinson anatsogolera ntchito yoika mapu a nthaka ndi nkhalango za dzikolo mu kompyuta. Ganizo lake ndi lomwe lero timalitcha GIS. Chinthu chilichonse cha padziko chimasungidwa ngati kadontho, mzere kapena chigawo chotsekeka: mjigo ndi kadontho, mseu ndi mzere, dera la mfumu yaikulu ndi chigawo. Kumbuyo kwa chilichonse kuli tebulo la zomwe tikudziwa za icho, monga chaka chomwe mjigo unakumbidwa ndiponso ngati ukutulutsa madzi. Mitundu ya zinthuzi imasanjikizidwa, ndipo kompyuta imatha kuyankha funso ngati loti ndi midzi iti yomwe ili kutali ndi chipatala kuposa makilomita asanu. Setilaiti ya Landsat inayamba kujambula dziko mu 1972. Koma kwa zaka zambiri zonsezi zinali za olemera, mpaka mapulogalamu aulere monga QGIS, yomwe inayamba mu 2002, atafika m'manja mwa aliyense, ndipo zithunzi za Landsat zitayamba kuperekedwa mwaulere mu 2008.

GPS inayamba ngati chida cha asilikali a America, ndipo anthu wamba ankapatsidwa uthenga wosokonezedwa dala, wophonya ndi mamita pafupifupi 100. Pamudzi, mamita 100 ndi makomo angapo. Mu Meyi 2000 Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuthe, ndipo kuphonyako kunatsika kufika pa mamita khumi kapena kucheperapo. Ogwira ntchito m'midzi anayamba kuyenda ndi timakina ta m'manja, n'kumakopera manambala ataliatali pa fomu ndi cholembera. Kungosemphanitsa manambala awiri, mjigo wa ku Dedza umakapezeka ku Mozambique kapena pakati pa nyanja. Panalinso msampha wina womwe ukukolabe anthu mpaka lero. Mapu athu akale anayezedwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pomwe GPS imayendera WGS 84. Ukasakaniza ziwirizi osasintha, chilichonse chimasuntha ndi mamita mazana angapo, ndipo sukulu imaoneka kuti ili kutsidya kwa mtsinje womwe ana sawoloka.

Intaneti inafulumizitsa zinthu. Mu 2004 Steve Coast wa ku Britain anayambitsa OpenStreetMap, mapu omwe aliyense angathe kuwonjezerapo, ndipo Google Maps inatuluka mu 2005. Chivomezi chitagwedeza Haiti mu Januwale 2010, anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana anajambula misewu ya Port-au-Prince kuchokera pa zithunzi za setilaiti m'masiku ochepa, ndipo opulumutsa anthu anagwiritsa ntchito mapuwo. Cha nthawi yomweyo, Open Data Kit, yomwe inayambira ku University of Washington mu 2008, ndi KoboToolbox zinasamutsira fomu yamafunso mu foni. Tsopano malo, chithunzi ndi mayankho zimasungidwa pamodzi popanda kukopera.

Mphepoyi inafikanso kuno. Boma linatsegula MASDAP, nkhokwe ya pa intaneti yosungiramo mapu a dziko lino kuti aliyense atengeko. Mu 2014 ophunzira, ogwira ntchito m'boma ndi anthu a m'midzi anayenda ku Chikwawa ndi Nsanje kuika nyumba, masukulu ndi misewu pa OpenStreetMap, ndipo patangopita miyezi yochepa, mu Januwale 2015, madzi osefukira anamiza chigwa cha Shire. Mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserera madroni mothandizidwa ndi UNICEF. Kalembera wa 2018, yemwe anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, anachitika pa matabuleti.

Wina angaganize kuti ndi zida zoterezi ntchito yapepuka. Ine ndikuona kuti yangosamuka: yambiri tsopano imagwiridwa gulu lisananyamuke. Wokonza amayenera kuyeretsa ndandanda ya midzi, chifukwa mudzi umodzi ukhoza kulembedwa m'njira zitatu m'maofesi atatu, pomwe midzi iwiri yosiyana m'boma lomwelo ili ndi dzina limodzi. Mankhwala ake ndi kupatsa mudzi uliwonse nambala yakeyake n'kuika mayina pa ndandanda yoti mlembi angosankhapo, asamalembe yekha. Malire a timadera ayenera kukumana bwinobwino, osasiya mpata kapena kukwerana. Mafayilo onse akhale pa maziko amodzi. Mapu atsitsidwiretu mu foni gulu likadali kutauni, chifukwa kuseri kwa phiri netiweki kulibe, ndipo mapu odalira intaneti kumeneko amangoonetsa kadontho ka buluu pa chinsalu chopanda kanthu. Fomu iyesedwe pamudzi wapafupi tsiku lisanafike. Mapawabanki achajidwe. Zithunzi za setilaiti nazo zimanamiza: denga la malata limawala, koma laudzu pansi pa mitengo limabisala, ndipo nkhokwe kapena chigafa cha fodya zimaoneka ngati nyumba. Anthu osauka kwambiri, omwe kawirikawiri kafukufuku amafuna iwowo, ndi omwe saoneka kuchokera kumwamba.

Palinso zosayenera kuikidwa poyera. Malo enieni a nyumba ya munthu wodwala sangamwazidwe pa intaneti. N'chifukwa chake kafukufuku wa zaumoyo wa DHS amasuntha dala malo omwe amafalitsa, mpaka makilomita awiri m'tauni ndipo kawirikawiri mpaka asanu kumudzi. Nalonso dambwe si malo oti mlendo aimepo ndi foni n'kudina batani; amfumu afunsidwe kaye.

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'choti mijigo yomweyomweyo imajambulidwa ndi mabungwe osiyanasiyana chaka ndi chaka, pulojekiti ikatha mafayilo n'kutsalira mu laputopu ya munthu mmodzi. A mabungwe ndi a maofesi a boma, mukamaliza ntchito siyani mafayilo oyeretsedwa ku khonsolo ndi ku nkhokwe ya dziko, mutalembapo tsiku ndi maziko omwe munagwiritsa ntchito. Ndipo sindikizani mapu amodzi aakulu mukawasiye kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi womwe unakuonetsani malire, kuti akonze mayina omwe mwalakwitsa gulu lina lisanabwere.