Zithunzi Zonyoza Akuluakulu m'Nyuzi Zakale

Tsiku lina tinatsegula nyuzipepala m'kalasi mwathu. Tisanawerenge ngakhale liu limodzi, ambiri a inu munayamba kuseka. Munaona cithunzi ca munthu wa mimba yaikulu atakwera pamsana pa munthu woonda. Palibe anakuuzani tanthauzo lace. Munadziwa nokha kuti wonenepayo alikudyera mnzace masuku pamutu.

Cithunzi cotere Apwitikizi amacicha caricatura. Wojambula amakulitsa dala mphuno, mimba kapena cipewa ca munthu wochuka, kuti anthu aseke, ndipo posekapo aganize. Zithunzi zimenezi zili ndi mbiri yace. Pa ciyambi ca zaka za m'ma 1900 m'nyumba za anthu munalibe wailesi. Nkhani zinkayenda ndi nyuzipepala. Koma ngakhale ku Portugal komweko, m'caka ca 1900, pa anthu anai alionse atatu sankadziwa kuwerenga. Anthu amenewa cimene cinkalankhula nao ndi cithunzi. Lero tiona zina mwa zithunzi za nthawi ija, ndiponso malo amene ife tinapatsidwa m'menemo.

Zé Povinho, mlimi wosenza cishalo

Wojambula wochuka koposa ku Portugal anali Rafael Bordalo Pinheiro. Anabadwira ku Lisboa m'caka ca 1846, namwalira m'caka ca 1905. M'caka ca 1875, m'nyuzi yochedwa A Lanterna Mágica, iye anajambula munthu wongopeka, namucha Zé Povinho. Zé ndi cidule ca dzina lakuti José. Povinho ndiko kunena anthu wamba, anthu osawerengeredwa. Zé ndi mlimi wandebvu, wobvala cipewa ndi zobvala zakutha.

M'cithunzi coyamba, nduna yoyang'anira ndalama ilikupempha kakobili kwa Zé. Zé wangoti kukamwa yasa, alikukanda mutu. Capafupi pali mkulu wa asilikali, cikoti cili m'manja. Munthu wopempha cikoti cili pafupi sakupempha ai. Umenewo ndi msonkho.

M'zithunzi zambiri Zé ali ndi cishalo ca bulu. Cishalo cija ndico msonkho, ngongole za boma ndi malonjezo a pa nthawi ya cisankho. Boma likasintha, wokwera amasintha, koma cishalo cimatsala pamsana pomwepo. Bordalo ankamvera Zé cisoni, komanso ankamudzudzula cifukwa ca kupirira kwace kopitirira. M'cithunzi cina Zé wagona tulo, ndipo mafumu a Portugal, ang'onoang'ono ngati nyerere, alikuyenda pathupi pace. Woona cithunzico amadzifunsa yekha kuti, kodi munthu uyu akadzuka, mafumu aja adzagwera kuti?

Nyama za m'caka ca 1900

Mu Januwale 1900 Bordalo anayambitsa nyuzi ina, dzina lace A Paródia. M'nyuzi imeneyi anajambula boma monga momwe agogo athu amasimbira nthano, ndi nyama.

Ndale anazijambula ngati nkhumba yaikazi, yaikulu zedi, tiana tace tilikulimbirana mawere. Tiana tija ndiwo anthu a ndale. Pa nthawi ija zipani ziwiri zazikulu zinkangolandirana boma, ici cikaturuka cinzace cilowa, koma onse ankayamwa pa nkhumba imodzi. Zolankhula za m'nyumba ya malamulo anazijambula ngati cinkhwe, mbalame yolongolola zimene siizidziwa. M'nyuzi yomweyo citukuko ca dziko cinajambulidwa ngati nkhanu, imene imayenda cam'mbali osapita patsogolo.

Mlimi wosadziwa cilembo nkhumba amaidziwa. Amadziwa kuti kamwana ka nkhumba sikasiya bere mwa kufuna kwace. Motero nkhani yobvuta ya ndalama za boma inasanduka nkhani ya pakhola, yomveka kwa aliyense. Akuluakulu sankakondwa, koma paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Munthu amene wasekedwa pamsika sakhalanso woopsa monga kale. Ufumu wa ku Portugal unali kale ndi mabvuto ambiri, ngongole ndi mikangano. Mfumu Carlos anaphedwa pa 1 Febuluwale 1908, ndipo pa 5 Okutobala 1910 ufumu unagwa. Zithunzi sizinagwetse ufumu pazokha, koma zinathandiza kucotsa mantha m'mitima ya anthu.

Dziko lathu m'zithunzi za ena

Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono, cifukwa pali pamene dziko lathu lilowa m'nkhaniyi. Pa 11 Januwale 1890 boma la Angelezi linatumiza mau oopseza ku Lisboa. Linalamula kuti asilikali a Apwitikizi acoke m'cigwa ca Shire, kumene Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo m'caka ca 1889, ndiponso acoke m'dziko la Amashona. Boma la Portugal linagonja. Anthu a ku Lisboa anakwiya kwambiri. Bordalo anajambula John Bull, mzungu wonenepa amene amaimira dziko la England, ngati wolanda za eni. Popeza anali woumbanso mbiya, anafika poumba mphika wokodzeramo usiku wooneka ngati John Bull.

Koma tifunse: dziko limene ankalimbiranalo linali la yani? Linali la Amang'anja, Acewa, Ayao, Angoni, Asena ndi Amashona. Palibe anawafunsa. Pa 11 Juni 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anasaina pangano la malire. Malire aja anadula pakati pa anthu a cinenero cimodzi. Metangula ndi Cóbuè zinagwera kwa Apwitikizi, koma cisumbu ca Likoma, cimene cioneka ndi maso kucokera ku Cóbuè, cinagwera kwa Angelezi. Ku Angónia mbumba imodzi inapezeka m'maiko awiri. Malire omwewo ndiwo alekanitsa Moçambique ndi Malawi.

Zé Povinho anali mlimi wa ku Portugal. Mlimi wa ku Tete ndi wa ku Niassa anali ndi cishalo colemera koposa. Ankakhoma msonkho wa nyumba. Lamulo la m'caka ca 1899 linati munthu wakuda ayenera kugwira nchito, ndipo amene sanaonetse nchito yobvomerezeka ndi boma ankatengedwa ku cibalo. Ku Niassa ndi Cabo Delgado kunkalamula kampani, Companhia do Niassa, kufikira caka ca 1929. Makolo athu ankasenza azungu m'macila. Cithunzi cimene tinaseka m'kalasi cija, iwo anacicita ndi mapewa ao. Koma m'nyuzi zambiri za ku Ulaya munthu wakuda ankamujambula ngati mwana wopusa wa milomo yaikulu, kapena ngati wakudya anthu anzace. Cithunzi cotero cinali ndi nchito yace. Cinkaphunzitsa mwana wa ku Ulaya kuti munthu wotere ayenera kulamulidwa.

Ojambula amene anaulula nkhanza

Analipo ena amene anaonetsa utsamunda monga unalili. M'caka ca 1904, nyuzi ya ku München m'dziko la Ajeremani, yochedwa Simplicissimus, inatulutsa cithunzi ca Thomas Theodor Heine. Cinali ndi zigawo zinai, kuonetsa m'mene mitundu inai imalamulira maiko a eni. Pa cigawo ca Ajeremani, anyamalikiti afola pamzere alikuguba ngati asilikali, ndipo ng'ona alikuimanga pakamwa. Pa cigawo ca Angelezi, wamalonda alikuthira mowa m'kamwa mwa munthu wakuda, msilikali alikumufinya ndi makina kuti ndalama zituruke, ndipo pambali mbusa alikuwerenga buku. Pa cigawo ca Abeljiyamu, mfumu yakhala pa gome kudya, munthu wakuda alikuocedwa pamoto. M'caka comweco asilikali a Ajeremani anayamba kupulula Aherero m'dziko limene lero ndi Namibia.

M'caka ca 1906 nyuzi ya ku London, Punch, inatulutsa cithunzi ca Edward Linley Sambourne. Njoka yaikulu ngati nsato yakulunga munthu wa ku Congo, miyendo, mimba ndi manja. Mutu wa njokayo ndi wa Leopold II, mfumu ya ku Belgium, ndi ndebvu zace zazitali. Leopold anatenga Congo ngati munda wa iye mwini kuyambira 1885. Midzi inkakakamizidwa kukachera mphira m'nkhalango. Mudzi wolephera kukwanitsa muyeso unkatenthedwa, akazi ankagwidwa cikole, ndipo anthu ambiri anadulidwa manja. Mabuku, zithunzi za kamera ndi zojambula zonga ici zinautsa mkwiyo ku Ulaya ndi ku America. M'caka ca 1908 Congo inacotsedwa m'manja mwa Leopold, nikhala pansi pa boma la Belgium. Utsamunda sunathe, koma mfumu ija inacita manyazi pamaso pa dziko lonse.

Tisafulumire kuombera m'manja. Sambourne yemweyo, m'caka ca 1892, anajambula Cecil Rhodes ngati cimphona, phazi lina ku Cape, lina ku Cairo, waya wa telegalafu ali m'manja. Waya uja anadutsadi ku Tete kunka ku Blantyre. M'cithunzi cimeneco Africa yense ali pansi pa nsapato za munthu mmodzi, ndipo eni dziko saoneka ngakhale mmodzi. Diso limene linaona msanga nkhanza za mfumu ya kwa eni silinapenye bwino za kwao.

Cifukwa ciani maboma ankaopa pensulo

Cithunzi cikadakhala cinthu cacabe, maboma sakadalimbana naco. Heine anaweruzidwa m'caka ca 1898 kuti akhale m'ndende miyezi 6 cifukwa ca cithunzi conyoza mfumu ya Ajeremani, Wilhelm II. Ku Portugal, asilikali atalanda boma m'caka ca 1926, anakhazikitsa anthu oyang'ana nyuzi isanasindikizidwe. Anthu amenewa ankafafaniza nkhani ndi zithunzi ndi pensulo yabuluu. Nchito imeneyi inapitirira m'nthawi yonse ya Salazar, ndipo inatha pa 25 Epulo 1974.

Nanga ife tinali cete?

Iai. Ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, João Albasini ndi mbale wace José anayambitsa nyuzi ya O Africano m'caka ca 1908, ndipo m'caka ca 1918 anayambitsa O Brado Africano. Ankalemba m'Cipwitikizi ndi m'Cironga, kudzudzula cibalo ndi tsankho. Koma nyuzi zimenezi zinkawerengedwa ndi anthu ocepa, makamaka a kumwera.

Kuno kumidzi tinali ndi njira zathu. Amai posinja pamtondo ankaimba nyimbo zonyoza wokhometsa msonkho, ndi mfumu yogulitsa anthu ace. Pa bwalo la gule wamkulu pamaturuka Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo mudzi wonse umaseka. Nzeru yace ndi imodzimodzi ndi ya Bordalo: kutenga munthu woopsa ndi kumuika pamene ana angathe kumuseka. Kusiyana kwace ndi uku. Nyimbo imamveka pamene pafika liu la woimba, ndipo woimba akamwalira kawirikawiri imapita naye. Cithunzi ca nkhumba cija, cosindikizidwa m'caka ca 1900, cikali kusungidwa ku Lisboa, ndipo aliyense angathe kuciona. Dandaulo la agogo athu ambiri linakwiririka nao pamodzi, cifukwa panalibe wolilemba. Pamene tinalandira ufulu m'caka ca 1975, pa anthu khumi alionse a mu Moçambique asanu ndi anai sankadziwa kuwerenga. Umenewo ndiwo unali mphotho ya zaka zonse za cibalo.

Kuwerenga cithunzi

Mukaona cithunzi coseketsa, sekani, palibe coletsa. Mukatha kuseka, dzifunseni mafunso atatu. Anajambula ndani, ndipo ali mbali ya yani? Amene alikusekedwa ndi wamphamvu kapena ndi wofooka? Ndani ayenera kukhalamo koma mulibe? Kuseka wamphamvu kumafuna kulimba mtima. Kuseka wofooka ndiko kuthandiza womupondereza.

Pomaliza, yang'anani pansi pa cithunzi. Kawirikawiri pamakhala mau ocepa, mzere umodzi kapena iwiri. Nkhumba ija aliyense anaiona, koma mau olembedwa pamenepo ndiwo anaulula kuti nkhumbayo ndi ndale. Wosadziwa kuwerenga ankadikira wina kuti amuuze, ndipo womuuzayo ankatha kunama. Inu amene mwayamba kulumikiza zilembo simudzadikiranso munthu. Ndipo nyimbo ija ya pamtondo imene anakuphunzitsani agogo anu, mungathe tsopano kuilemba m'kope mwanu, kuti adzukulu anu adzaipeze.

Mafunso okambirana

1. Kodi cishalo ca Zé Povinho cimaimira ciani? Nanga cishalo ca mlimi wa kuno m'nthawi ya atsamunda cinali ciani?
2. Cifukwa ciani ojambula a A Paródia anasankha nkhumba, cinkhwe ndi nkhanu?
3. Pa mkangano wa m'caka ca 1890, ndani sanafunsidwe?
4. Mukadakhala wojambula, bvuto la m'mudzi mwanu mukadalijambula ngati nyama yanji? Lembani dzina la nyamayo ndi ciganizo cimodzi pansi pace.